Mutu 5: Andireya ndi Mbewa za m'Kompyuta

1. Munthu pa chitsa

"Chaka chino mbewa zonse za ku Kasenengwa ndazitsekera m'bokosi limodzi. Wofuna kudziwa za mbewa asakafunsenso ku una, afunse ine!"

Anayankhula motero ndi Andireya Zulu, mnyamata wa Giredi 11, ataimirira pa chitsa pakhomo pa amayi ake. Munali mu Okutobala wa 1996, dzuwa lija lofuna kuphika dzira likadali m'mimba mwa nkhuku. Omvera ake anali atatu: amayi ake a Tereza, amene ankaswa mtedza wa mbewu, amalume ake a Yakobo, amene ankasema mpini, ndi mbuzi. Mwa atatuwa, mbuzi ndiyo inkaoneka kuti ikutsatira nkhani.

"Kompyuta yawerenga," anapitiriza Andireya. "Pofika nthawi yodzala, m'munda mwathu monse mudzakhala mbewa zisanu ndi ziwiri basi. Zochepa moti wansembe akhoza kuzipatsa mayina a ubatizo Misa isanathe."

"Tsika pachitsapo," anatero a Tereza osadzutsa mutu. "Ungathyole mwendo wopitira kusukulu."

A Yakobo anangokhosomola.

2. Ng'ombe yadothi

Kuti mumvetse chimene chinakweza mwana wa eni pa chitsa, tibwerere ku mwezi wa Meyi.

Kusukulu kwawo kunafika mayi wina pa njinga yamoto, dzina lake Monika Chanda. Ankagwira ntchito pa malo ofufuzira za ulimi, kunja kwa tauni ya Chipata. Anali Mbemba, ndipo chimbuya, ubale wa nthabwala wa Abemba ndi ife a kum'mawa, mukuchidziwa: iwo amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani, ndipo palibe amene amapita kukhoti.

"Ndabwera kwa akatswiri," anatero mayiyo m'kalasi. "Ndikufuna mwana mmodzi wodziwa masamu, amene angathe kugwira mbewa osaimeza."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Andireya yekha ndiye anakweza mkono.

Ntchito yake inali iyi. Anapatsidwa misampha makumi asanu, timabokosi tachitsulo togwira mbewa yamoyo. Masiku atatu mwezi uliwonse ankaitchera m'mizere m'munda wa amayi ake, nyambo yake chiponde chosakaniza ndi gaga. M'mawa ankatsegula, kuwerenga, kumeta kaubweya pamsana pa mbewa iliyonse kuti adzaizindikire ikabweranso, kulemba m'kabuku, kenako n'kuimasula. Akatha ankapalasa njinga kukapereka manambala ku malo ofufuzira aja.

Kumeneko kunali chipinda chozizira cha makatani okhuthala. Pa tebulo panakhala kompyuta, yofunditsidwa nsalu ngati chikho cha pa guwa.

"Chimene ndaika muno timachitcha modelo," anatero Mayi Chanda tsiku loyamba. "Unawumbapo ng'ombe yadothi uli mwana? Siipuma, siidya msipu, koma woiona amadziwa mmene ng'ombe imaimira. Ine ndawumba munda wa amayi ako, osati ndi dothi koma ndi masamu. Ndauza kompyuta kuti mbewa yaikazi imaswa ana angati, kadzidzi ndi njoka zimadya zingati, njala imapha zingati. Chotsala ndi poyambira. Iwe ndiwe uzindiuza kuti lero m'mundamo muli mbewa zingati. Kompyuta iyambira pamenepo, n'kuthamangitsa miyezi mpaka nthawi yodzala, kuti alimi tiwachenjeze mbewu isanalowe pansi.

"Koma umve bwino. Bokosi ili lilibe maso, ndipo ku Kasenengwa silinapondeko. Lili ngati mkamwini wofika dzulo: chilichonse chimene ungaliuze limati inde. Ukalipatsa ng'ombe ya miyendo itatu, lidzakukonzera ng'ombe ya miyendo itatu, yosalala bwino, yonyezimira."

Kenako anadina batani.

Pa galasi lakuda panatuluka timadontho tobiriwira, kalikonse kakuimira mbewa imodzi. Tinkabadwa, tinkayendayenda, tinkazima ngati ziphaniphani. Pakona mwezi unkasintha wokha. Juni. Julayi. Ogasiti. Chilimwe chonse chinadutsa munthu asanameze malovu.

Andireya anatuluka m'chipindamo ngati wochokera pansi pa madzi. Pobwerera anadzera kumsika wa Kapata, ndipo amayi a pamsika, njinga za makala, agalu, onse anali timadontho tobiriwira toyenda pa galasi lalikulu. Mapiri a Chipata ankayandama pamwamba pa fumbi ngati alibe mizu. Anaona kuti dziko lonse likhoza kulowa m'bokosi, munthu n'kulifunsa za mawa. Njinga inamufikitsa kunyumba yokha. Mwini wake anafika patapita nthawi.

Miyezi inapita. M'misampha ankapezamo mbewa ziwiri, tsiku lina zitatu, tsiku lina imodzi. Kompyuta inameza manambalawo n'kulavula zisanu ndi ziwiri. Ndipo Mayi Chanda analonjeza kuti ntchito ikayenda bwino adzamutenga ku Lusaka mu Disembala, akaime pamaso pa anthu ophunzira, afotokoze yekha.

Ndi Lusaka ameneyo anamukweza pa chitsa.

3. Mawu a akuluakulu

A Yakobo atamaliza kukhosomola anaika mpini pansi. Anali munthu wowonda, wa chipewa chobooka, amene sanalowepo m'kalasi kupatula tsiku la chisankho. Koma pa nkhani ya mbewa, mudzi wonse unkawavulira chipewa.

"Mphwanga, khala pansi ndikuuze," anatero. "Ine bokosi lakolo sindikulitsutsa, sitinaonanepo. Koma mvula ya chaka chatha inakana kupita kwawo. Inagwa mpaka mu Meyi, udzu unabereka ngati mapira. Chaka chotere kapuku, kambewa kakang'ono kaja ka m'minda, sikapumula kubereka. Ana ake amabereka amayi awo asanaleke. Tayang'ana tinjira tawo mu udzu, taphwatalala ngati njira ya kuchigayo. Tayang'ana mphaka wa kwa a Boaz, akukana mkute. Ndi liti unaona mphaka wa pamudzi akukana mkute? Ndinaona zotere ndili mnyamata. Tinadzala Lolemba, pofika Lachinayi mbewa zinali zitakolola. Chaka chino mbewa zilipo, mphwanga. Ndikunena ine amene ndimazidziwa mpaka m'kamwa."

"Zimenezo ndi zongoona ndi maso, amalume," anayankha Andireya. "Sayansi imafuna manambala."

A Tereza anapukusa makoko pa chitenje chawo n'kuloza thumba limene linatsamira khoma.

"Ine za mabokosi sindizidziwa," anatero. "Ndikudziwa thumba ilo. Mbewu yathu yonse ndi imeneyo, ina kulibe. M'miyezi ya njala mlongo wako Dolika ankalirira mtedza, ine n'kumukaniza, n'kutembenuka kuti asaone nkhope yanga. Mtedza ndiwo umakusunga pa sukulu, ndiwo umatendera ndiwo zathu. Amayi anga anandiphunzitsa kuti chaka chokayikitsa umadzala theka, theka n'kubisa mumphika womata. Zikakumba, umadzalanso. Inde, wodzala kachiwiri amakolola zochepa, ndipo matenda amakonda mtedza wochedwa. Koma zochepa zimaposa chabe. Choncho mwananga, nenatu zoona. Ukati mbewa kulibe, ine ndikhoza kukumvera, chifukwa sindinakutumize kusukulu kuti ndizikutsutsa. Koma ukanena, udziwe kuti walankhula ndi thumba ilo."

Andireya analimvera chisoni thumbalo, ndi anthu onse okhala m'dziko lopanda kompyuta.

4. Gawo la boma

Kutchera komaliza mvula isanagwe kunali sabata yotsatira. Loweruka lake kunatentha moti Andireya anadzuka msanga kuposa masiku onse, kum'mawa kutangoyamba kufiira. Anatenga kabuku ndi lumo n'kulowera kumunda.

Mundawo unali utagona mu kankhungu kopyapyala. Misampha inkanyezimira m'mizere yake ngati timanyumba ta mzinda wa tianthu tating'ono. Pakati pa mzindawo panawerama chimphona cha chipewa chobooka.

Chimphonacho chinatsegula bokosi, n'kukhuthulira chinthu m'thumba la ufa. Chinapakanso chiponde, n'kutcheranso msampha mwaluso, n'kupita pa wotsatira. Thumbalo linkagwedezeka lokha.

"Amalume!"

A Yakobo anawongoka pang'onopang'ono. "Aa, mphwanga. Lero wafulumira."

"Mukuchita chiyani ndi misampha yanga?"

"Ndikukupeputsira ntchito."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene unayamba misala ija. Tsiku loyamba ndinabisala pa chulu apo. Ndinakuona ndi maso angawa, mwana wa mlongo wanga, Mngoni weniweni, ukugwira mbewa yonona, kuimeta ngati ikupita ku ukwati, n'kuitsanzika. Ndinalira, mphwanga. Ndinati Mbemba uja wamulodza. Ndiwo imamasulidwa?"

"Mwaononga zonse!"

"Sindinatenge zonse iyayi. Ine si wakuba. Tsiku lililonse ndimasiya ziwiri kapena zitatu, gawo la boma."

Andireya anakhala pansi pa mzere. "Mumapezamo zingati?"

"Mu Juni zinali khumi, khumi ndi ziwiri. Mu Ogasiti makumi awiri. Lero mabokosi opanda kanthu ndapeza anayi okha. Ena muli ziwiriziwiri, zothithikana ngati anthu m'basi ya ku Lundazi." Anakweza thumba lija. "Ndipo usandiyang'ane choncho. Mbewa zija amayi ako akhala akuphika kuyambira Juni, umayesa ndimakumba kuti nthaka itauma gwa chonchi? Lamulungu lapitali unapempha yachitatu. Manambala akowo unadya wekha, mphwanga, ndi mchere."

Kenako nkhope yawo inasintha.

"Koma usakanditchule kwa Mbemba uja. Mabokosi ndi a boma. Ine ndende sindinaizolowere. Amayi akonso asamve, angandithamangitse pakhomo. Iwe ungokauza bokosi lako kuti mbewa zilipo. Chovuta n'chiyani?"

Anatsegula thumba, n'kusankha ziwiri zowonda, n'kuzibwezera m'misampha.

5. Funso la Mayi Chanda

Masana a tsiku lomwelo Andireya anali m'chipinda chozizira chija. Kabuku kanali pa tebulo. Pa tsamba lomaliza panalembedwa 2.

Mayi Chanda anayang'ana nambalayo nthawi yaitali.

"Andireya, pali chimene chikundisowetsa mtendere," anatero. "Ku Chipangali ndili ndi misampha ina. Kumeneko mabokosi akudzaza. Mvula munalandira yofanana, udzu ndi womwewo. Kwanu kokha ndiko kuli zii. Mwina nthaka yanu ndi ina. Mwinanso mwazidya zonse, anthu inu sindikudabwani." Anaseka pang'ono, n'kusiya. "Ndikufunsa ngati mnzanga wa ntchito. Kodi pali wina amene amakhudza misampha ija iwe usanafike? Galu, mwana, munthu wamkulu? Ukati alipo, palibe amene amangidwe. Tingotaya manambala a miyezi isanu, n'kuyambanso chaka chamawa. Za ku Lusaka zidikire. Kulakwitsa ndi mbali ya ntchito yathu. Chimene ntchito yathu siikhululuka ndi kubisa, chifukwa bodza la m'kabuku silikhala m'kabuku. Limatuluka, limapita kukadya m'nkhokwe za anthu."

Pa galasi timadontho tinkayenda mwakachetechete, tochepa, tomasuka ngati nyenyezi za m'bandakucha. Kuseri kwa galasilo Andireya ankaona basi yaitali ikutsika mapiri a Luangwa, iye ali pawindo. Ankaona holo ya mipando yofewa, ndi anthu a magalasi akugwedeza mitu. Wina ankafunsa kuti, mwana ameneyu ndi wa yani?

"Andireya?"

"Palibe amene amakhudza, Madamu."

"Ukunenetsa?"

"Ndikunenetsa."

Mayi Chanda anapuma mozama n'kulemba 2 uja mu kompyuta. Bokosi linati inde.

"Chabwino," anatero. "Ndili ndi misampha yophera mbewa yochepa, ndi alangizi awiri okha. Onse ndiwatumiza ku Chipangali. Kwanu mulibe vuto."

6. Mvula yoyamba

Mvula inagwa pa 14 Novembala, yamphamvu, ya fungo lija limene limachititsa ngakhale nkhalamba kufuna kunyambita dothi. A Yakobo kunalibe. Anali atapita kumaliro kutali, ndipo maliro akakhala ndi mowa iwo sankafulumira kutonthozeka.

M'mawa mwake a Tereza anatulutsa thumba lija, n'kuika mphika pambali pake. Anayamba kuthira mtedza mumphikamo ndi manja awiri.

Andireya anaima pakhomo. Mphika uja unkamuneneza. Akaulola kudzaza, ndiye kuti wavomera pamaso pa amayi ake kuti mawu a pa chitsa anali mphepo. Ndipo bodza lili ngati mbuzi ya eni: ukaibisa m'nyumba, uyenera kuidyetsa tsiku lililonse kuti isalire.

"Amayi, mukubisiranji mbewu? Mtedza wa mvula yoyamba ndiwo umabereka. Madamu anena okha kuti kuno kulibe vuto."

"Anena okha?"

"Ndi pakamwa pawo. Alangizi onse awatumiza ku Chipangali."

A Tereza anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga ankachitira akamamuyesa malaya a sukulu.

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Dzalani yonse."

A Tereza anakhuthulira mphika uja m'thumba.

Anadzala tsiku lonse, a Tereza, Andireya ndi kamlongo kake Dolika. Dothi linali lofewa ngati ufa wonyowa. Inswa zinkauluka ponseponse, mapiko ake akugwa pang'onopang'ono ngati phulusa loyera. Andireya ankaboola, kuponya njere, kukwirira ndi chidendene. Pofika madzulo anali atayamba kukhulupirira. Mwina amalume anachulukitsa nkhani. Mwinanso, poti anadya zambiri chotero, zatsaladi zisanu ndi ziwiri. Masamu akewo anamukomera moti anayamba kuimba mluzu.

Thumba linabwerera kunyumba lopindidwa, Dolika atalinyamula ndi dzanja limodzi.

7. Mizere

Patapita masiku anayi, sabata isanakwane n'komwe, njinga yamoto inalira pakhomo m'mamawa. Anali Mayi Chanda, chisoti chili m'manja.

"Ndabwera kudzaona munda wodabwitsa uja," anatero. "Ku Chipangali anthu akulimbana ndi mbewa ngati nkhondo. Ndati ndikajambule malo amodzi a mtendere, tikawaonetse ku Lusaka. Amayi ako ali kuti?"

"Alawirira kumunda, Madamu."

"Tiye. Tsogola, bwana wa mbewa."

Anadutsa m'kanjira ka mame. Dzuwa linali litangotuluka, ndipo nthunzi inkakwera kuchokera m'dothi ngati munda ukupuma. Ali patali, mizere inkaoneka yokongola, yowongoka, yofiirira. Andireya anayamba kufotokoza za kutalikirana kwa mapando, mawu ake akukwera pang'onopang'ono.

Anasiyira pakati.

Pamwamba pa mzere woyamba panali kadzenje kakang'ono. Patsogolo pake panali kena, ndi kenanso, motalikirana bwinobwino, ndendende mmene iye anaponyera njere. Pambali pa kadzenje kalikonse panali kakhungu kofiira ka mtedza. Mzere wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu. Mpaka kumalire, kumene kankhungu kanathera.

Pakati pa munda a Tereza anagwada. Ankapisa chala paphando, kuchitulutsa, kusendera patsogolo ndi mawondo, kupisanso. Sankalira. Mbale imene anatenga kuti aziikamo njere zopulumuka inali pambali pawo, ndipo kuchokera pamene Andireya anaima ankatha kuona pansi pake.

Mayi Chanda anatola kakhungu kamodzi n'kukayang'ana pa dzuwa. Chimbuya chonse chinali chitachoka pankhope pawo.

"Mayi," anafunsa mofatsa, "mbewu ina munasunga yochuluka bwanji?"

A Tereza sanayang'ane mlendoyo. Anayang'ana mwana wawo.

"Ayankhe ndi iyeyo," anatero. "Ndiye wa manambala."